OFUNSA MAFUNSO M'MIDZI MWATHU: NDALAMA ZAWO ZIMACHOKERA KUTI?

Tsiku lina titatha swala ya Asr, bambo wina amene amagulitsa nsomba zouma pamsika wa pa boma pano pa Ntcheu anandipeza ndikukhoma chitseko cha madrasa. Bamboyu kwawo ndi kunyanja, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akukweza madengu a usipa ndi utaka kubwera nawo kuno kumtunda. Geni imeneyi ndi imene inaphunzitsa mwana wake wamkazi mpaka kutenga digiri ku sukulu ya ukachenjede ku Zomba. Tsono mwana uja anali atanena kuti akufuna kubwereranso kukachita digiri yachiwiri, ndipo kuwonjezera pa fizi adzafuna ndalama zina zoyendera m'midzi kukafunsa anthu mafunso.

"A Mwalimu, tandimasulireni," anatero bamboyo. "Ine ndimayesa sukulu inatha tsiku lija tinapita ku Great Hall kukamuona atavala mkanjo. Nanga kufunsa anthu mafunso nakonso kumalira ndalama? Si pakamwa pomwepa?"

Funso limeneli si lachibwana ayi. Makolo ambiri a kunyanja afika tsopano pamene pafika bamboyu. Agogo athu ankaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo chawo, ndipo kaamba ka ichi tinachedwa kulowa m'maphunziro apamwamba. Lero ana athu akutenga madigiri, koma ambiri mwa ife sitidziwa njira yopitira patsogolo pa digiri yoyamba, ngakhalenso kumene ndalama zake zimachokera.

Kafukufuku ameneyu ndi wotani?

Digiri yachiwiri imatchedwa Masters ndipo kawirikawiri imatenga zaka ziwiri. Yachitatu ndi PhD, imene imatenga zaka zitatu, zinayi kapena kuposera apo, ndipo woipeza amatchedwa dokotala ngakhale sabaya jakisoni. Pa madigiri awiriwa wophunzira sangoloweza zimene ena analemba. Amayenera kusankha funso lake, kukafufuza yankho, ndi kulemba buku lonse lofotokoza zimene wapeza.

Wophunzira za chikhalidwe cha anthu alibe chipinda cha mabotolo ndi mankhwala monga anzake a sayansi. Iye malo ake ogwirira ntchito ndi mudzi, msika, doko, bwalo la milandu ndi khonde la nyumba yanu. Amafufuza zinthu monga izi: chimachitika n'chiyani pabanja bambo akapita ku Joni zaka zisanu osabwera? Munda umapita kwa yani mwini wake akamwalira? Chifukwa chiyani atsikana a dera lina amasiyira sukulu panjira kuposa a dera lina?

Kuti achite zimenezi amafuna thiransipoti, malo ogona kwa miyezi ingapo, chakudya, makina ojambulira mawu, kompyuta, ndi malipiro a anthu omuthandiza kufunsa kapena kumasulira Chiyao ndi Chingoni. Asanayambe amayenera kupeza chilolezo ku komiti yoona kuti ofufuza sakulakwira anthu, ya pa sukulu yake kapena ya ku National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, ndipo chilolezocho chimalipiridwa. Akamaliza pali kulemba mawu onse ojambulidwa aja pa pepala, kusindikiza ndi kumanga bukulo. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera. Maphunziro a m'kalasi amakhoza bwinobwino, koma buku limakhala zaka osatha chifukwa chosowa ndalama zopitira kumudzi.

Alendo amene anayamba

Boma la Ntcheu linayamba kalekale kulandira ofufuza. Pakati pa 1935 ndi 1939, mayi wina wa ku Britain dzina lake Margaret Read anakhala pakati pa Angoni a Inkosi Gomani II kuno ndi a Inkosi M'mbelwa ku Mzimba. Mayiyu anaphunzira ku London School of Economics pansi pa mphunzitsi wotchuka Bronislaw Malinowski, ndipo amene anamutuma ndi bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, limene panthawiyo linkathandizidwa ndi ndalama za Rockefeller Foundation ya ku America. Pa zimene anamva kwa akuluakulu a kuno analemba mabuku awiri, The Ngoni of Nyasaland la 1956 ndi Children of Their Fathers la 1959, lofotokoza za kaleredwe ka ana a Chingoni. M'chaka cha 1942 anatulutsanso nkhani ya momwe ulendo wa amuna opita kukagwira ntchito kunja unkasinthira moyo wa m'midzi.

Kwa Ayao kunapita J. Clyde Mitchell wa ku South Africa. Iyeyu anakhala m'midzi ya Ayao a kum'mwera kwa dziko lino kuyambira 1946 mpaka 1949, atatumidwa ndi Rhodes-Livingstone Institute ya ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia. Anafufuza za mbumba, za maufumu ndi za momwe midzi imagawikirana abale akayambana. Kafukufukuyu anamupatsa digiri ya udokotala ku Oxford, ndipo buku lake The Yao Village linatuluka m'chaka cha 1956.

Sitinganene kuti anthu awa analakwa kubwera. Paja akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zambiri zimene analemba zikanapita kumanda ndi eni ake. Komatu tisaiwale nthawi imene ankagwira ntchito. Boma la atsamunda linkalamulira kudzera mwa mafumu ndipo linkadalira amuna opita ku migodi, motero nkhani za mafumu ndi za matchona zinali m'gulu la zimene eni ndalama ankafunitsitsa kudziwa. Mabuku aja analembedwa m'Chingerezi, nasindikizidwa ku Britain, ndipo ndi ochepa mwa zidzukulu za anthu ofunsidwawo amene anawagwirapo m'manja.

Ngakhale kalelo analipo mwana wa mbumba amene analemba za kwawo. Yohanna Abdallah, Myao amene anali wansembe wa mpingo wa Anglican, analemba Chiikala cha Wayao m'chinenero chake, ndipo bukulo linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1919. Mpaka lero ofufuza mbiri ya Ayao amayambira pa iye.

Achinyamata athu onyamula mapepala

Dziko litalandira ufulu, ofufuza a konkuno anayamba kupezeka. Chancellor College inasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, ndipo m'chaka cha 1979 University of Malawi inatsegula Centre for Social Research ndi thandizo la UNICEF. Nthambi imeneyi ndi imene yakhala ikuyendetsa kuno kafukufuku wa Afrobarometer, amene anayamba m'chaka cha 1999 kufunsa anthu a m'maiko a mu Africa maganizo awo pa kayendetsedwe ka boma.

Kwa anansi athu a ku Balaka kunafika ntchito ina yaikulu m'chaka cha 1998. Aphunzitsi a ku University of Pennsylvania ku America anayamba kuyendera mabanja ku Balaka, ku Mchinji ndi ku Rumphi, n'kumabwereranso kwa mabanja omwewo patapita zaka zingapo kudzafunsa za ukwati, kubereka ndi matenda a Edzi. Ntchitoyi lero imadziwika kuti Malawi Longitudinal Study of Families and Health. Pa mayankho a amayi ndi abambo a m'midzi imeneyi, ambiri mwa iwo Asilamu a ku Balaka, ophunzira ochuluka a ku America alemba mabuku awo a PhD.

Nanga ankagogoda pa zitseko ndani? Anali anyamata ndi atsikana a konkuno amene anamaliza Fomu 4, ndi ena a madigiri amene ankawayang'anira. Iwowa ndiwo ankadziwa chinenero, kagwadidwe ka pamaso pa mfumu, ndi nthawi yabwino yopezera mayi pakhomo. Buku lotchedwa Cooking Data, la 2018, limene analemba Crystal Biruk atatsatira magulu a ofufuza otere m'Malawi muno, limafotokoza ntchito ya achinyamatawa ndiponso madandaulo a anthu ena a m'midzi amene ankapatsidwa sopo atayankha mafunso kwa nthawi yaitali. Ganyu yotere imathandiza, ndipo ena mwa achinyamatawa anakwera nayo mpaka kupeza maphunziro apamwamba. Koma kwa ambiri, galimoto la kafukufuku likachoka ntchito yathanso.

Kusiyana kwa wonyamula mapepala ndi mwini kafukufuku si nzeru ayi. Mwini kafukufuku ndi amene anapeza ndalama, ndipo wopeza ndalama ndiye amasankha funso.

Kumene ndalama zimapezeka

Ophunzira a m'sukulu za ku America akhala ndi matumba awoawo. Bungwe la Social Science Research Council la ku New York, limene linayamba m'chaka cha 1923, linakhala zaka 25 kuchokera mu 1997 likupereka ndalama kwa ophunzira PhD a m'sukulu za m'dzikolo kuti akachite kafukufuku m'maiko ena. N'chifukwa chake mzungu wachinyamata amatha kukhala chaka chathunthu m'mudzi wa ku Makanjira osadandaula za ufa.

Mmalawi wina anaona kusiyana kumeneku nachitapo kanthu. Thandika Mkandawire, amene anabadwa m'chaka cha 1940, analandidwa chiphaso choyendera ndi boma la Dr Banda m'chaka cha 1965 akuphunzira ku America, nakhala kunja zaka pafupifupi 30. Kuyambira 1986 mpaka 1996 anatsogolera bungwe la ofufuza a mu Africa lotchedwa CODESRIA ku Dakar m'dziko la Senegal. M'nthawi yakeyo, m'chaka cha 1988, bungweli linayamba kupereka tindalama tochepa kwa ophunzira a m'sukulu za mu Africa momwemo tolembera mabuku awo a Masters ndi PhD. Mkandawire pambuyo pake anakhala pulofesa ku London School of Economics, sukulu yomwe ija inaphunzitsa Margaret Read. Anamwalira ku Stockholm m'chaka cha 2020.

Kwa mwana wa ku Malawi, makomo ogogodapo ndi angapo. Commonwealth Scholarship, imene inayamba m'chaka cha 1959, imatengera ophunzira ku Britain. Chevening nayonso ndi ya boma la Britain, ya Masters ya chaka chimodzi, ndipo imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Beit Trust imathandiza ophunzira a maiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Canon Collins Trust imathandiza a kum'mwera kwa Africa, ambiri kukaphunzira ku South Africa. Bungwe la DAAD la ku Germany limalipirira ena kuti aphunzire m'sukulu za mu Africa momwemo. Wenner-Gren Foundation ya ku New York imapereka ndalama za kafukufuku wa PhD ya anthropology, maphunziro a miyambo ndi chikhalidwe cha anthu, kwa wophunzira wa dziko lililonse. Malamulo ndi masiku otsekera zimasintha chaka ndi chaka, choncho wophunzira aziwerenga yekha pa intaneti, ndipo asapereke ndalama kwa munthu aliyense womulonjeza malo.

Khomo lina, limene ambiri amadzera, ndi kulowa m'kafukufuku wamkulu wa mphunzitsi wako. Pulofesa akapeza ndalama za ntchito ya zaka zingapo, kawirikawiri mumakhala gawo lolipirira ophunzira a Masters kapena PhD. Ubwino wake ndi woti galimoto ndi chilolezo zimakhalapo kale. Kuipa kwake ndi koti funso lako liyenera kulowa m'funso la mwini ntchito.

Nanga matumba athu? Islamic Development Bank ya ku Jeddah inayamba m'chaka cha 1983 kuthandiza ophunzira a Chisilamu a m'maiko amene si mamembala ake, monga Malawi. Thandizoli wophunzira amalibweza popanda chiwongoladzanja ku thumba la m'dziko lake kuti lithandizenso ena. Koma kuyambira pachiyambi linakondera maphunziro monga a udokotala, uinjiniya ndi ulimi. Bungwe la Islamic Zakaat Fund nalonso lathandiza ana ambiri ndi fizi. Ngongole za boma za Higher Education Students' Loans and Grants Board zimapita makamaka kwa a digiri yoyamba. Motero mwana wofuna kufufuza za moyo wa anthu a kwawo amapezeka ali pampata umene palibe akuuyang'ana. Pamene buku la Malawi's Muslims linatuluka m'chaka cha 2000 kudzera mu Kachere Series ku Zomba, amene analisonkhanitsa anali David Bone, mphunzitsi wochokera kunja. Tiyenera kumuthokoza, komanso kudzifunsa kuti buku lotsatira adzalemba ndani.

Misonkhano ya pasukulu si kutaya nthawi

Makolo ena amadabwa mwana akamati lero kulibe kalasi koma ndikupita ku semina. Amaganiza kuti ndi njira yothawira ntchito za pakhomo. Zoona zake n'zakuti pa maphunziro a pamwambawa, zambiri zimachitikira m'misonkhano yotereyi.

Woyamba ndi msonkhano umene wophunzira amaimirira pamaso pa aphunzitsi a nthambi yake ndi ophunzira anzake kufotokoza mapulani a kafukufuku wake, amene iwo amawatcha pulopozo. Amamupanikiza ndi mafunso: ufunsa anthu angati? Uwasankha bwanji? Ndani analembapo kale za nkhaniyi? Zimawawa, koma pepala lomwelo likakonzedwa ndi limene amatumiza kwa opereka ndalama. Wothawa kudzudzulidwa ndi aphunzitsi ake amakakanidwa ndi anthu a ku London amene sadzamuuza n'komwe chifukwa chake.

Palinso masemina a alendo. Wofufuza wochokera kunja amayenera kudziphatika ku sukulu kapena bungwe la konkuno, ndipo ambiri amayankhula pasukulupo asanabwerere kwawo. Wophunzira amene wakhala kutsogolo nafunsa funso lanzeru amakumbukiridwa. Mawa mlendoyo akafuna womuthandiza, kapena sukulu yake ikatsegula malo a PhD, dzina limene limabwera m'mutu ndi lomwelo. Pafupifupi thumba lililonse limafuna makalata awiri kapena atatu a umboni ochokera kwa aphunzitsi, ndipo mphunzitsi sangalembe zogwira mtima za munthu amene sanamumvepo akuyankhula. Safunsa anadya phula.

Kenaka pali misonkhano yaikulu yofalitsa zotsatira za kafukufuku, kumene kumabwera akuluakulu a boma ndi a mabungwe, ndipo pomaliza penipeni mayeso a pakamwa, pamene wophunzira amateteza buku lake pamaso pa oyesa. Amene ali ku Zomba ali ndi mwayi winanso, chifukwa National Archives ili mumzinda womwewo, ndipo mumasungidwa makalata akale a ma DC, kuphatikizapo a Ntcheu ndi a Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi.

Pano pali mawu kwa makolo a ana aakazi. Misonkhano ina imachitika madzulo, ina imafuna kugona ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko. Ngati tikuopa za chitetezo ndi ulemu wa mwana, tiyeni tikonze njira: tifunse kumene akagone, tipeze m'bale wa mumzindawo, timuperekeze ngati n'kotheka. Koma kumuletsa n'kumutsekera khomo limene anzake akulowera. Ndipo pali nkhani zambiri za amayi zimene mayi wa kumudzi sangauze mnyamata wachilendo, koma angauze mtsikana wovala hijabu woyankhula chinenero chake.

Mafunso amene akudikira eni ake

Ntcheu yokhayi ili ndi nkhani zokwana mabuku ambiri. Pa kalembera wa 2018 bomali linali ndi anthu oposa 650,000. Msewu wa M1 pa Lizulu umayenda m'malire enieni, kotero kuti wogula ali ku Malawi pamene wogulitsa ali ku Mozambique. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha m'chaka cha 1992, dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri anakhala m'midzi ya m'malire muno, nakwatirana ndi eni nthaka. Ana awo lero ndi a dziko liti, ndipo amalima munda wa yani? Mbatata ya kachewere ndi kabichi za ku Tsangano zimatsikira kunyanja pamene nsomba zikukwera kumtunda. Amapindula ndani pa malonda amenewa? M'chigwa cha Bwanje Angoni, Achewa ndi Ayao amakhala moyandikana n'kumakwatirana. Banja lotere likatha, ana amatsata mwambo uti? Mlendo angathe kufufuza zonsezi, koma mwana wobadwira momwemo amayamba ali kale pakati pa ulendo.

Gawo lathu

Choyamba, mwana amene akufuna njira imeneyi ayambe msanga. Mafomu ambiri amatsekedwa pafupifupi chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Akhale ndi pasipoti, masatifiketi ake onse, ndi Chingerezi cholemba bwino. Akakanidwa koyamba ayesenso, pakuti ambiri amene anapambana anayamba akanidwa.

Chachiwiri, mabanja ndi makomiti a mizikiti aganizire za ophunzira amene atsala ndi buku lokha. Ndalama zofunika kuti wa Masters amalize kafukufuku m'boma limodzi n'zochepa poyerekeza ndi fizi ya zaka zinayi imene tinalipira kale. Wina angapereke chipinda chogona, wina njinga, wina thumba la chimanga. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, ofufuza akafika pakhomo panu, dziwani ufulu wanu. Ayenera kuonetsa kalata ya chilolezo, kufotokoza amene wawatuma ndi kumene mayankho anu apite, ndi kukupemphani kaye musanayambe. Muli ndi ufulu wokana, kapena kusiya pakati. Ndipo si mwano kuwafunsa ngati adzabwerenso kudzanena zimene apeza.

Bambo wa nsomba uja anamvetsera zonsezi ali chete. Kenaka anatulutsa foni nayimbira mwana wake pomwepo, namufunsa kuti makamaka akufuna kukafufuza chiyani. Mwanayo anayankha kuti akufuna kudziwa momwe amayi ogula nsomba pa doko amapezera mpamba, ndi zimene zimawachitikira ngongole ikawakanika.

Bamboyo anadula foni, naseka pang'ono. "A Mwalimu, zimenezo akanayamba wandifunsa ine. Ndikudziwa amayi khumi amene angamuuze zonse, ndipo kogona sakasowa."

Anandipempha kuti ndimulembere pa pepala maina a mabungwe aja kuti akamupatse mwanayo Lachisanu. Insha Allah, mafomu oyamba apita chaka chomwe chino.